Nyali yofiira pa Khwekhwerere yandidanitsa ndi mayi

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimagula mpunga ku Bwanje n'kumakagulitsa ku Dedza. Chaka chatha ndinagula kagalimoto kakale ndithu, ndipo ndimayendetsa ndekha.

Mwezi watha tinalandira uthenga wakuti mayi aakulu, a Rozi, amene anali m'chipatala ku Dedza, matenda akula ndipo akuitana mng'ono wawo. A Rozi ndi amene analera mayi anga makolo awo atamwalira. Ine ndi mayi tinanyamuka m'mawa womwewo. Tili pakati pokwera Khwekhwerere, nyali yofiira ya kutentha kwa injini inayaka. Ndinaima pambali n'kuzimitsa injini, kenaka ndinaimbira makaniko wanga, a Onani a pa Golomoti. Iwo anati, "Ikakhala yofiira musayende, muotcha injini. Ine ndili kutali, ndibwera mawa."

Mayi anandichonderera. Anati, "Tiye mwanawe, galimoto ndi chitsulo, udzagula ina. Nanga mkulu wanga ndikam'gula kuti?" Ine ndinakana poopa kuti itifera pokhota n'kubwerera nafe kuphompho. Maminibasi ankadutsa odzaza. Dzuwa litapendeka m'pamene lole ina inatitenga, galimoto n'kuisiya kwa ogulitsa makala pamsewu. Tinapeza a Rozi atatisiya kale. Amene ankawadwazika anati tsiku lonse ankangoyang'ana kukhomo.

Chimene chikundidya mumtima ndi ichi. A Onani atapita kukaiona galimoto anapeza kuti injini sinatenthe n'komwe. Chinalakwika ndi sensa, kachipangizo koyeza kutentha, pulagi yake inali itadyeka ndi dzimbiri ndi matope a ku Bwanje. Anati, "Mukanafika bwinobwino." Mawuwa anawanena pamaso pa mchimwene wanga Lovemore, ndipo iye sanachedwe kuwafikitsa kwa mayi.

Chichokereni kumaliro, mayi amangondiyankha kuti eya kapena ayi. Kutchalitchi ku Mua akupita pa kabaza, galimoto ili pakhomo. Lovemore akuti tingodula waya wa nyali yabodzayo. Ndidule? Nanga ndikanadziwa bwanji kuti ikunama? Aphungu, ndikufuna mayi anga abwerere kwa ine.

F.K., Mtakataka

Mayi F.K.,

Pepani ndi maliro. Ndinene mosabisa: kuima kuja simunalakwe. Nyali yofiira ikayaka pa chitunda, munthu wanzeru amaima. Chimene chinasowa ndi chochita mutaima, ndipo a Onani akanatha kukuuzani pafoni pomwepo.

Tsiku lina zikadzachitika, dikirani injini izizire ndithu musanagwire chilichonse. Chotsekera cha rediyeta, mosungira madzi oziziritsa injini, musatsegule kukadali kotentha, madzi ake amakupula nkhope. Injini yotenthadi sibisika: nthunzi imatuluka, madzi amamveka kubwata, pansi pamadontha, ndipo galimoto imachepa mphamvu. Yang'anani madzi m'kabotolo kapulasitiki ka pambali pa rediyeta, muonenso ngati lamba wa injini sanaduke. Mukapeza madzi atsika kwambiri kapena akutayika, ulendo wathera pomwepo ngakhale nyali itazima. Koma zonse zikakhala bwino ndipo fani yoziziritsa injini ikuzungulira, mukhoza kuyenda pang'onopang'ono, kuima pafupipafupi n'kumaonanso.

Sensa yodwala ili ndi makhalidwe ake. Nyali imayaka m'mawa injini isanafunde n'komwe, kapena imaphethira mukagunda dzenje. Mafuta amatha msanga, utsi umada, fani imalira chilizireni galimoto. Mukaona zotere, pitani kugalaja yokhala ndi makina oyezera, akakutsukireni pulagi kapena kuika sensa yatsopano. Ndiponso m'rediyeta muzithira madzi ake ogula aja. A pamjigo a kwanuko ali ndi mchere, amadya zitsulo.

Za Lovemore, muuzeni abweze mpeni m'thumba. Munthu sachotsa belu la njinga chifukwa linalira pachabe tsiku limodzi. Sensa imeneyo ndi imene imauza fani nthawi yozungulira ndi injini muyeso wa mafuta. Mukadula waya, tsiku lotenthadi mudzadziwira utsi.

Tsopano za mayi, zomwe ndi zazikulu. Madzi akatayika saoleka: a Rozi sadzabwerera kuti atsanzikane ndi mng'ono wawo, ndipo palibe chimene munganene chosintha zimenezo. Mayi anu akusowa pokhuthulira ululu, ndiye agwera inu amene munagwira chiwongolero. Musawakakamize kukwera galimoto. Pitani wapansi, mukhale nawo pamkeka, muwauze kuti, "Mayi, ndinachita mantha, ndipo zikundiwawa kuti simunawapeze." Akakalipa, alekeni akalipe. Ngati pakamwa pakulemera, pitani ndi malume kapena mnzawo wakutchalitchi. Mwina sizitheka ulendo umodzi, ndipo mwina chipsera chidzakhalapobe. Zimenezo muzivomereze.

Chenjezo langa nali. Zonse ndafotokoza pamwambazi ndi zanu ndi makaniko, musapite nazo kwa mayi ngati umboni wakuti munakhoza. Mlandu mukhoza kuwina, koma mayi n'kuwataya. Iwo akulira mkulu wawo amene anafa akuyang'ana kukhomo. Pitani mukalire nawo.

Aphungu