Fayilo Yanga Ikuti Sindinadwalepo

Lachitatu, mwezi wa Julaye, chaka cha korona. Al Duhail, kuno kudziko la Aluya.

Ndatopa. Dzuwa likuotcha, masiki ali kukamwa, ndipo m'mimba mwakhala mukupotokola kuyambira m'mawa. Ndachoka kanayi pageti pomwe ndimalondera kuthamangira kuchimbudzi.

Yankho la apilo yanga ya chipukutamisozi labwera kuchokera ku Malawi. Akananso. Akuti palibe umboni woti matenda a m'matumbowa anayamba ndili msilikali, chifukwa mufayilo yanga yakuchipatala cha kubalaki mulibe kalikonse. Sakunama. Ku Congo ndinkatsegula m'mimba sabata yathunthu, kenako kudzimbidwa, koma kwa dokotala sindinapondeko. Wodandaula za m'mimba tinkamuseka kuti ndi mantha, ndipo dzina lake linkachotsedwa pamndandanda wa opita kunja. Ine ndinkangomwa madzi amchere n'kumangitsa lamba.

Ndaimbira a Sajeni Mbewe, amene tinkagona nawo tenti imodzi, kuti andilembere kalata ya umboni. Aseka. Akuti, "Iwe Kondwani, unali chitsulo, sunadwalepo ngakhale tsiku limodzi. Ndilembe chiyani?" Ndinabisa bwino mpaka mboni yanga yomwe sikudziwa kanthu.

Nesi wina wa pachipatala cha ku Al Sadd anandiuza kale kuti m'mimba mukangoyamba ndizikalembetsa kuchipatalako, pepala lililonse ndi umboni. Koma masiku ano ukangoti ukudwala amakutengera kukwarantini, ntchito n'kukhala pendapenda.

Masana supavaiza anandipeza nditagwira pamimba, thukuta lili kamukamu. Anandifunsa ngati ndikudwala.

Ndinaima njo ngati ndili paperete. "Mafi mushkila, palibe vuto, bwana. Ndili bwinobwino."