Tizitsulo Tanga Tikusupuka

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana, komanso kuti mwendo uja waleka kutupa. Ine kuno ndiliko, kungoti tulo tikuvuta.

Munafunsa kuti ntchito yanga ndi yotani kwenikweni. Timaviika tizitsulo tiwiri m'madzi n'kulumikiza magetsi, madziwo n'kugawikana, n'kutulutsa mpweya woyaka wotchedwa haidrojeni. Kuti zifulumire, ena amakuta tizitsuloto ndi pulatinamu, yemwe ndi wodula koopsa. Ine ndinayesa zotchipa, nikelo wosakaniza ndi chitsulo wamba. Poyamba thovu linkatuluka ngati madzi akuwira, abwana mpaka anandigwira chanza.

Koma azakhali, pakapita masiku chokutiracho chikumasupuka. Ndimapeza tinyenyeswa takuda pansi pa botolo, thovu litachepa. Ndasintha kasakanizidwe kangapo, koma sizikumva.

Lachisanu kukubwera alendo ofuna kumanga fakitale podalira zimenezi. Dzulo abwana anatseka chitseko n'kunena kuti, "Mwanawe, udzaike tizitsulo tatsopano m'mawa wa tsikulo. Zosupukazo ndi za m'nyumba, tidzakonza pambuyo." Ine ndinati, "Nanga akadzandifunsa kuti zimalimba mpaka liti?" Anangondiyang'ana, n'kundikumbutsa kuti osirira mpando wanga ndi ambiri.

Munandilera ndinu, mukudziwa kuti bodza limanditsamwa. Amayi musawauze kaye, mtima wawo uja mukuudziwa.

Kodi chipinda chakumbuyo chija munaikamo munthu? Ngati ayi, tachisiyani choncho mpaka Lachisanu lidutse.

Mundikumbukire m'mapemphero,
Ine mwana wanu.