Magazini yomwe ndidabwereka a Saidi

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha, ndipo manyazi andigwira.

Ndine ndidawabwereka a Saidi, okonza mawailesi ku Area 2, magazini ya kuofesi kwathu. Imati ku Amereka akufuna kupanga magetsi ndi mtapo wa thoriyamu wosungunulidwa mumchere wotentha, akuti ndi wosaopsa kusiyana ndi yureniyamu wa mabomba.

Lero anyamata ofunsa makadi a chipani aipeza patebulo pa a Saidi. Ataona zithunzi za atomu, mmodzi anati, “Madala, za mabombazi wakupatsani ndani?”

A Saidi anandiyang'ana kamodzi. “Ndidatola pamsika.”

Anyamatawo awatenga a Saidi ine ndili chilili pomwepo, Baibulo kukhwapa, ndipo ndinapitirira ulendo wanga wa kukwaya. Ndinaimbanso bwinobwino.

Ambuye, amene anama ndi iwo, koma wochimwa mukumudziwa. Mawa akazi awo akandifunsa...