Buluku la Tiyanjane

Lolemba, 9 Junyu

Tiyanjane wagwa ndi njinga m'mawa uno pa chitsetso cha kumlatho, akupita ku shikola.

Kapulana, nsalu yomanga m'chiuno ija, ndiyo yamugwetsa. Nsonga yake inalowa m'tcheni, gudumu lakumbuyo n'kuima, mwana n'kugwera pakati pa msewu. Kumbuyo kwake kunali kaminyau, chigalimoto chodzaza matumba a kachewere, m'chifunga chija choti sungaone ndi mbuzi yako yomwe. Motorisita waima bwanji, akudziwa ndi Mulungu. Bondo lasupuka, chigongono chatupa, basi. Ali moyo mwana wanga, wamwa phala.

Chaka chonse chatha T. wakhala akupalasa njinga yomweyi kupita ku vila, tauni kumene kuli shikola yake, ndi kubwerako, osagwa. Mwezi wathawu watha msinkhu, ndiye alangizi a kutchalitchi, amayi a Francisca ndi anzawo, anamuuza kuti namwali satuluka pakhomo ndi saya yokha, siketi ija, azimanga kapulana pamwamba pake mpaka m'akakolo. Wamvera mwanayo. Ndi izi!

Achimwene anga a Bonifácio aona zonse, anali pamwamba pa kaminyau yomweyo kuperekeza kachewere wawo kumsika. Amubweretsa okha, T. atakhala pakaliyala, iwo akukankha. Atamutsitsa, njinga sanaisiye. Angoti, "Iyi sakweranso," n'kupita nayo kwawo.

Lachiwiri, 10 Junyu

Njinga aipachika kumitanda ya denga kwa achimwene, ngati chimanga cha mbewu.

Ndauza bambo a Tiya kuti akalankhule ndi alamu awo. Ati, "Ine pano ndine mkamwini. Za ana mwini wake ndi malume." Ha! Pobereka sanali mkamwini. Pogula njingayo sanali mkamwini. Lero pofunika pakamwa ndiye akumbukira ulemu.

Lachitatu, 11 Junyu

T. akutsimphinabe. Kuzizira koopsa, madzi a mu ndowa akuluma zala.

Lachinayi, 12 Junyu

Wapita wapansi. Ananyamuka tambala atangolira, wakafika anzake atamaliza kale mayeso, porova ya matematika. Wabwera dzuwa litapendeka, bondo latupanso, milomo yauma gwa.

Aporofesora amuuza kuti mafalita, masiku ojomba ndi ochedwa aja, akachuluka ashumba, ndiye kuti alephera, abwereza oitava, kalasi yachisanu ndi chitatu. Wanena zimenezi akuyang'ana pansi, kenaka n'kuti, "Amayi, kapena ndingosiya. Anzanga ambiri anasiya kale."

Ndapsa mtima, ndamukalipira mwana wodwala. Usiye chiyani? Ine kuwerenga ndinaphunzirira pansi pa mtengo ku kampu ku Dedza, nthawi yothawa nkhondo. Titabwerera kuno ndinapeza zonse zili m'Chipwitikizi, ndinakhala m'kalasi ngati chitsa mpaka ndinachoka ndekha. Iwe Chipwitikizi chili pakamwa, mutu uli bwino, usiye chifukwa cha nsalu? Ine ndili moyo ayi.

Ndamuthowa bondo ndi madzi amchere. Sanalire. Bola akanalira.

Lachisanu, 13 Junyu

Ndapita kwa achimwene. Ndawapeza akusankha mbewu ya kachewere pabwalo. Ndagwada, ndapereka moni bwinobwino, asadzati mlongo wawo anabwera ndi mwano.

Ndati, "Achimwene, ndabwerera njinga ya Tiyanjane."

Ati, "Iwe Lídia, sunaone. Ndinaona ndine. Tayala linaima apa, mutu wa mwana uli apa." Aonetsa ndi manja, mpata wake wochepa kuposa khasu. Chisoni chandigwira, ndisaname. Amamukonda T. kuposa mmene amakondera ena obereka okha.

Komabe ndati, "Njinga sinalakwe, achimwene. Yalakwa ndi nsalu."

"Ndiye aziyenda wosavala?"

"Avale buluku mkati mwa saya. Kapulana ikhale m'chikwama, akamange akatsika ku shikola."

Andiyang'ana ngati ndatukwana. "Namwali buluku? Pa mbumba yanga ayi. Ngati kuyenda wapansi kwamukanika, akhale. Munda ulipo. Bola mbuli yamoyo."

Mbuli yamoyo! Ndadzuka osatsazika. Alamu, akazi awo, anali kuseri kwa nkhokwe makutu ali tcheru, ndiye mawa mudzi wonse udziwa.

Loweruka, 14 Junyu

Ndatenga buluku lakale la bambo a Tiya, lija lakuda, ndalidula miyendo, ndalibweza m'chiuno. Eni ake anditulukira ndili pakati posoka. Ayang'ana buluku, ayang'ana ine, n'kupita kudimba. Akhale chete choncho, sindikufuna zambiri.

Lamulungu, 15 Junyu

Ndinanena ine. Tikutuluka m'tchalitchi, amayi a Francisca andikokera pambali, koma pambali pake poti aliyense amve.

"Mayi a Tiya, tamva mukusoka zachilendo. Mwambo sitidula ndi lumo. Mwana tamulanga ife, inu mukufuna kumuvula?"

Ndati, "Amayi, mwambo wanuwo ukanapita naye kumanda Lolemba, mukanabwera ndi nyimbo zokoma, ndikudziwa. Ine sindikufuna nyimbo, ndikufuna mwana."

Wina anati, "Iii, koma Lídia!" A Francisca akoka mpango wawo n'kuchoka. Mwina ndawonjeza, ndi akulu, anandilanga ndi iwo omwe. Koma mawuwo sindikuwabweza.

Panjira wandipeza Marlene, uja wa kuseri kwa chigayo. Wayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona kuti mwana wakenso, Vânia, nsalu inamukola m'masipoko mwezi watha, anabisa yong'ambikayo kuopa bambo ake. Ndati nanga bwanji sunanene pagulu paja? Ati, "Mayi, si tonse tili ndi pakamwa ngati panu." Asa! Pakamwa aliyense ali napo, ena amangodyera.

Lolemba, 16 Junyu

Ndamuperekeza T. wapansi mpaka kumlatho, ndione ndekha msewu umene ukutilanda tulowu.

Koma abale! Kukacha, ana a ku pirimariya ali balalabalala msewu wonse. Kaminyau ikalira, ena athawira uku, ena uko, kenaka kakang'ono kaona mkulu wake ali tsidya lina, n'kudutsa chothamanga kutsogolo kwa matayala. Anyamata akwerana atatuatatu pa njinga yopanda mabuleki, poima apondetsa patapata pa tayala. Ndipo ife makolo tili kumunda, mtima uli m'malo, eti ana apita kukaphunzira.

Ndalalatira ana a eni ake. Ndawaika mbali imodzi, mbali yoti galimoto aziiona ikubwera kutsogolo kwawo, mmodzi pambuyo pa mnzake, aang'ono pakati. Ndati wodutsa msewu osaima kaye n'kumvetsera, ndikamunenera kwa amake ndipo ndikamukwapula ndekha. Kena kandifunsa, "Inu ndinu apolisi?" Ndati eya, ndine komandante. Ayenda mumzere mpaka ndasiya kuwaona. Atakhota sindikudziwa, mawa ndidzawalalatiranso.

T. wachedwanso. Falita ina.

Lachiwiri, 17 Junyu

Ndachita.

Bulukulo ndayamba kuvala ndine. Ngati pali manyazi ayambe kugwera ine, mwana adzapeze atatha. Landithina m'matako, silinatseke bwino, ndamangira chingwe. Ndadutsa pakati pa mudzi dzuwa lili pamutu, dala, nthawi imene azimayi ali pamjigo. Kuseka kwake! Wina mpaka anagwetsa ndowa. Ndapereka moni kwa aliyense, mmodzimmodzi, mpaka kuseka kwawathera.

Achimwene anali pakhonde. Sindinagwade, buluku silikanalola. Ndati, "Ndabwera kudzatenga njinga." Ndalowa, ndakwera pa mtondo, ndamasula zingwe. Inatsala pang'ono kundigwera pamutu. Alamu ali pakhomo kukamwa yasa.

Achimwene sanandigwire, sanakweze mawu. Bola akanakuwa. Anena motsitsa, "Lídia, ukatuluka nayo pabwalo pano, mwanayo ndi wako wekha. Chikachitika pamsewu paja, usadzatume munthu kwa ine. Udzakumbe wekha."

Mawu amenewo andilowa m'mafupa. Chimwalirireni amayi, amene amatiimirira pa maliro, pa milandu, pa maukwati, ndi iwowa. Popanda iwo ndine yani pamudzi pano? Ndinaima, njinga ili m'manja, mtima ukuti bweza, Lídia, bweza.

Ndati, "Ndamva, achimwene." Ndatuluka nayo.

Ndaikankha mpaka kunyumba poti kupalasa sindidziwa. Ndafika, ndalowa kuseri kwa khola, ndalira ngati mwana. Ndikuopa. Ndikulemba pano kuti ndikuopa, poti kunjaku sindingauze munthu.

Lachitatu, 18 Junyu

T. sanapite lero, ndamuletsa ndine. Falita ilembedwe, njinga siyituluka isanakonzedwe.

Ndinati ndipite nayo kwa Cosme wokonza njinga, koma ndapeza bambo a Tiya aigadabuza kale pabwalo. Aika mabuleki atsopano, kaya anawagula liti. Adula chitini cha mafuta ophikira, achipinda, achimangira pamwamba pa tcheni kuti pasalowenso kanthu. Ndati, "Kodi mkamwini amaloledwa kugwira njinga?" Ati, "Iwe, tandipatsa waya uyo." Ndawaphikira tiyi wa mkaka, aone kuti ndaona.

Ine ndasokerera chinsalu chachikasu pa chikwama cha T., chowala ngati dzungu, choti motorisita achione ngakhale m'chifunga. T. wati chikunyansa, anzake amuseka. Ndati akuseke uli moyo.

Madzulo tapita naye pabwalo la mpira. Buluku mkati, saya pamwamba, kapulana m'chikwama. Poyamba amaopa, miyendo ili gwa, kenaka wazungulira, wazunguliranso, ndamumva akuseka. Ndamuimitsa, ndamugwira chibwano kuti andiyang'ane. Ndati uzipalasa m'mphepete kumanzere, osati pakati ngati msewu ndi wa bambo ako. Pa chitsetso ugwire mabuleki kuyambira pamwamba. Usanyamule mnzako, alire alire. Ndipo ukangomva kaminyau kumbuyo, usapikisane nayo, usayese kulimba mtima. Tsika, lowa nayo njinga m'udzu, idutse. Kuchedwa sikupha.

Ati, "Amayi, mwanena kale zimenezi." Ndati ndinenanso mawa, ndi mkuja, mpaka udzanditopere.

Pobwerera takumana ndi achimwene akuchokera kudimba. T. wagwada, "Mwaswera bwanji amalume?" Ayang'ana buluku likuonekera pansi pa saya, ayang'ana kumbali, adutsa. Mwana wandiyang'ana, misozi ili lengelenge. Ndati tiye, walira mvula walira matope.

Lachinayi, 19 Junyu

Chifunga cha lero chaposa masiku onse. Nditatsegula chitseko sindinaone ngakhale khola. Mtima unati lero ayi, ayambe mawa. Koma T. anali atavala kale, akupukuta chishalo ndi dzanja. Ndikanamuletsa lero, mawa ndikanapezanso chifukwa china.

Marlene anabwera ndi Vânia wake, njinga ili m'manja, buluku la mchimwene wake atalipinda m'miyendo. Marlene sanandiyang'ane kumaso, anangoti, "Apitire limodzi." Sindinamunyoze, ngakhale mawu anali kale pa lilime.

Ndawatsatira wapansi mpaka pamwamba pa chitsetso. Atsika bwinobwino, T. patsogolo, mabuleki akulira. Chikasu chija chinayamba kuzimirira.

Ndiye ndinaimva kumbuyo kwanga. Kaminyau, yodzaza mpaka pamwamba, nyali imodzi yokha. Inandidutsa, mphepo yake n'kundikankha, n'kuyamba kutsetsereka kulowera komwe kuli ana. Ndinakuwa dzina lake, mawu anamezedwa ndi injini. Ndinathamanga, patapata imodzi n'kuduka.

Ndinangoona pang'ono, ngati kudzera m'nsalu. Chikasu chaima. Chapatuka, chalowa m'udzu, china chakuda chikutsatira pambuyo. Kenaka chigalimoto chinaphimba zonse, utsi, fumbi, mlatho n'kugunda gudugudu.

Zii.

Sindikudziwa ndinaima nthawi yaitali bwanji, patapata ili m'manja. Ndinayamba Atate Athu, sindinamalize.

Kenaka tsidya la mlatho, pokwera paja, kachikasu kanatulukira, kakugwedera uku ndi uku mmene amachitira akaimirira pa mapedulo. Mnzake pambuyo. Akukwera, akukwera.

Ndinakhala pansi pomwepo m'mame. Ndinadikira kuti mwina atembenuka andikwezere dzanja.

Sanacheuke n'komwe, kamwana kopanda ulemu. Kanali pa changu, lero kuli porova ya Chipwitikizi.