Chinkhupule cha ku Nacala sichakumwa

Nacala, Mozambique

Okondedwa achemwali a Ramla,

Assalamu alaikum. Kodi muli bwanji kwa Mposako pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga mpunga mbalame zakusiyiraniko chaka chino? Ife kuno tili bwino, Alhamdulillah.

Imvani zokoma. Mlamu wanu Zulfa wachira, mwana wamwamuna, ndipo tamutcha Hamadi, dzina la abambo. Akalira amamveka mpaka kudoko. Kuntchito nakonso andilemba mokhazikika, uganyu watha.

Munafunsa kuti ntchitoyo ndi yotani. Tsiku loitsegulira, bwana wamkulu wochokera kulikulu ananena kuti pansi pa nyanja yamchereyi pagona mankhwala a matenda onse ovuta, ndipo oti awavuule ndife. Tinaomba m'manja kwambiri. Mpaka lero sitinapange piritsi ndi limodzi lomwe, ndipo adokotala a Ida, amene amatitsogolera, mutu ukawapweteka amandituma panado kugolosale.

Komabe si bodza lokhalokha. Zinkhupule za m'nyanja si zomera ngati zathu zoyanga pampanda zija. Ndi nyama, zokakamira pamwala, zopanda miyendo kapena mano. Poti sizingathawe, zimadziteteza ndi poizoni, ndipo poizoniyo ndi amene tikusaka. Anzanga amamira n'kudula tizidutswa, ine ndimalandira m'boti n'kuika mu ayezi. Kulabu amatipera, kutiviika mu sipiriti, kenako kudonthezera madzi akewo pa tizilombo ta matenda ndi pa maselo a khansa m'timbale. Zambiri sizichita kanthu. Zina zimapha matenda, koma zingaphe ndi wodwala yemwe. A Ida akuti kumayiko ena mankhwala angapo a khansa anachokeradi ku zinkhupule, koma kuti achoke pamwala mpaka kufika kuchipatala, mwana wobadwa lero amakhala atamera ndevu. Ndamuyang'ana bwinobwino Hamadi, ndevu sizinayambe.

Tsono pempho langa ndi ili. Chester, wageni ya nsomba uja amadutsa pa Nayuchi, wandiuza kuti chinkhupule ndinamupatsira chija amayi sakusambira iyayi. Akuti amanyema kachidutswa, kuwiritsa, n'kuwamwetsa abambo chifukwa cha chilonda cha pamwendo chija, china n'kumata pachilondapo. Akuti oyandikana nawo ayamba kubwera ndi makapu. Ndinaseka mpaka misozi, koma atandiuza kuti tsiku lobwerera kuchipatala abambo analidumpha poti mankhwala a mwana wawo afika, kuseka kunatha.

Achemwali, chilonda cha munthu wa shuga sichidikira. Abambo amamvera inu kuposa tonsefe. Chonde atengeni mupite nawo kuchipatala ku Liwonde sabata yomwe ino, asanene zodikira kumweta mpunga. Pa Idi tikubwera ndi mwanayu, ndipo ndikufuna adzamulandire mdzukulu wawo ataimirira ndi miyendo yawo yonse iwiri.

Amayi musawakalipire. Anamva kuti mwana wawo amagwira ntchito ya mankhwala, ndiye chilichonse chochokera m'manja mwanga kwa iwo ndi mankhwala. Ndikanatumiza sopo kaya zikanatha bwanji.

Mundiperekere moni kwa abambo ndi amayi, kwa alamu anga, kwa amalume a Ahmed ku Balaka ndi azakhali a Lukiya kwa Nsamala. Ana onse muwauze kuti amalume awo, amene ankaopa ngakhale kuwoloka dambo, tsopano amasambira m'nyanja. Zulfa akupereka salamu zambiri. Allah akusungeni mpaka tidzaonane.

Ine mlongo wanu,
Abdulwahab

Amayi akaumirirabe, muwanong'oneze izi, abambo asamve. Chinkhupulecho sichinachokere kulabu. Ndinachigula pamsika chili chouma kale, ndipo ndisanatumize ndinayamba ndasambira ndekha kuti ndione ngati sichikanda.