Kachipi kanu ndi lole ya tiyi

Achimwene,

Tandiuzani zoona: kachipi koyezera injini munanditumizira kuchokera ku Joni kaja munakayesa pa lole, kapena pa kagalimoto ka alamu? Muli bwanji kumeneko? Kuno tilipo, mwendo wa amayi wayamba kuphwa.

Lolemba lole yathu inazima ku Nchilamwela itadzaza masamba a tiyi. Titaikokera ku galaja, ndinalumikiza kachipiko ku mawaya ake awiri opotana aja kuti injini indiuze vuto lake pa laputopu. Liwiro la kachipiko ndinatchera pa 500 monga munalembera pa pepala la malangizo. Pa laputopu zii! Masamba anapsa padzuwa, akapitawo n'kumati, "A Layisoni, mukukonza galimoto kapena mukulemba mayeso?"

Tsiku lachitatu ndinatsitsa ndekha kufika pa 250, manambala mbwee, vuto n'kuoneka. Koma abwana akuti ndikadzachedwanso chonchi aitana makaniko wa ku Limbe.

Chikundiwawa si kunyozedwako ayi. Manambala atatuluka ndinakuwa, n'kucheuka kuti ndikuonetseni, koma m'galaja ndinali ndekha. Chichokereni inu, ndilibe wokangana naye za mawaya.

Konzani pepala lanulo, mulembe za malole. Ndipo Lamulungu muimbe foni ndimve mawu anu, timauthenga tanuto ndatopa nato.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Layisoni