Bebi wa m'foni mwanu

Bambo a ana,

Ndathamangira kwa amayi anu. Dzulo foni yanu itaitana anaona palembedwa "Bebi", ndiye m'mawa uno andiimbira akulira, akuti mwapeza kamtsikana. Amalume anu awaitanitsa kale. Pepani, dzinalo ndinalemba ndine pa nambala yanga sabata yatha, inu muli kubafa.

Ndinayesa "Diya", koma limamveka ngati kalata yofunsira ntchito. "Dalingi" ndi la nkhalamba zokondana, pomwe "Hane" ku saluni amaitanira aliyense wolowa pakhomo. Ndinangotenga la achinyamatali, nanga ndalakwa?

Muanule zovala mvula isanagwe, ndipo amalume akaimba musayankhe mpaka ine ndikafike. Dzinalo musalifufute ayi. Ndikukawaonetsa apongozi anga kamtsikanako, ndi imvi zake zomwe.

Ndine,
Bebi wanu